Ndisanasaine

Kalata inafika pa foni Lachiwiri masana,
ndili pa kabaza, tikuwoloka mlatho wa Shire.
Akuti andikonda. Akuti Chingelezi changa n'chomveka.
Nyumba ilipo, ndege alipira okha,
ndipo malipiro a mwezi umodzi
ndi amene kuno ndimawatolera chaka ndi theka.

Wakabaza anamva ndikuseka kumbuyo kwake
nati, Madamu, mwawina chiyani?
Ndinati, sindinadziwebe.

Zaka zisanu ndi zinayi ndaphunzitsa kwa Mpondasi,
choko chandidya zala,
ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi imodzi,
theka lawo akuwerenga masiku oti adzakwere basi ya ku Joni.
Musaganize kuti sindikufuna kupita.
Chikwama ndinachipukuta kale fumbi.

Koma ine ndine mng'ono wake wa Lukiya.
Lukiya anapita ndi kalata yokoma kuposa iyi.
Pa bwalo la ndege womulandira anati,
bweretsa pasipoti ndikusungire.
Anaisunga zaka ziwiri.
Mkulu wanga anabwerera ndi nsapato zomwe anapita nazo
ndipo mpaka lero chitseko chikamenyetseka amaimirira.

Ndiye bambo a kutsidya kwa nyanja yamchere, pepani.
Inu mwandifunsa ola lathunthu,
mwaona satifiketi, mwaona mano anga pa vidiyo.
Tsopano khalani pansi, bwalo ndi langa.

Sukulu yanuyo ili mumsewu wanji?
Pa mapu a pafoni ndikuonapo sitolo ya matayala.
Tembenuzani kamera ndione bolodi, ndione mabenchi,
ndimve phokoso la ana,
ilo ndimalidziwa m'chilankhulo chilichonse.
Chilolezo cha ntchito ndinyamukira nacho kuno
kapena ndi zija za tikakonza mukafika?
Tsamba lachinayi likuti maola ndi monga angafunikire.
Angafunikire kwa yani?
Ndikadwala, chipatala alipira ndani?
Zikavuta zedi, ndani adzauze mayi anga kwa Chimwala?
Nanga ndalama mukuti nditumize ya mapepalayi?
Kwathu kuno mwini munda salipiritsa waganyu.

Chomaliza: ndipatseni nambala ya mphunzitsi amene anachoka.
Osati amene alipo, woyankha inu mutaima kumbuyo kwake.
Amene anachoka.

Achimwene anga a Twaibu akuti ndiwapsetsa mtima anthuwo,
mwayi saufunsa kumudzi kwawo, wina autola.
Iwo omwewo, pogula injini ya boti kwa Makawa,
anaimasula yonse, anainunkhiza,
anayenda midzi itatu kufunsa
chimene mwini wake ankaigulitsira.
Kodi ine ndine wotchipa kuposa injini?

Papita masiku asanu ndi limodzi.
Bandulo ndagula katatu.
Funso la nyumba ayankha ndi chithunzi cha bedi loyala bwino.
La chipatala ayankha theka.
La pasipoti atumiza kankhope komwetulira.
Nambala ija akuti akuifufuzabe.

Mwina ndi anthu abwino, aulesi chabe pa kulemba.
Mwina kuli ana enieni kumeneko
akudikira munthu wowamasula lilime,
ine ndili pano kuwerenga nyerere mu nkhuyu yomwe sindinaing'ambe.
Izinso zimandisowetsa tulo.

Usiku uno magetsi azima.
Lukiya ali pakhonde, akusenda chinangwa mumdima.
Sanati usapite, sanati pita.
Wangofunsa kuti, dzina la sukuluyo
walipezapo pena paliponse
pamene sanalembe eni ake?

Mawa m'mawa ndili ndi Fomu 2, phunziro la mafunso,
mmene Chingelezi chimatembenuzira mawu
chikafuna kudziwa kanthu.
Ndidzalemba pa bolodi, ana adzabwereza mokuwa.
Foni idzakhala m'thumba, nditaitsitsa mawu.
Cholembera chosainira chili m'chikwama chija,
chivindikiro chake sindinachotse.