Foda ya Zina ndi Zina

A Mtambalika atapita ku Joni
anandisiyira makiyi a chipinda cha makompyuta
ndi disiki yakuda yokulungidwa m'sokosi.
M'katimo mapulogalamu mazana atatu ndi mphambu,
onse mulu umodzi ngati kaunjika wa Loweruka,
ena maina awo manambala okhaokha,
ena mapasa ongosiyana tsiku lobadwa.

Ndinayamba Lolemba, mvula ikutsika phiri
kudzamenya malata a ku Chinamwali.
Zolembera uku. Zowerengetsera uko.
Zojambulira, zomvetsera nyimbo, zophera mavairasi,
ndi tija tothandiza makina osindikizira
kumva zimene kompyuta ikunena.
Ndinkadziona ngati Asiyatu wa mumsika waukulu
amene sasakaniza nanyati ndi kholophethe
ngakhale zonse n'nyemba.

Koma pulogalamu si nyemba.
Iyi imalemba, imajambulanso. Ndiyike kuti?
Iyo yokha siyenda, imadikira zinzake zinayi
ngati minibasi ya ku Jali
yokana kunyamuka isanadzaze.
Ukasuntha imodzi, zisanu zimanyanyala.
Lachitatu magetsi anathima ndisanasunge ntchito.
Ndinatukwana pang'ono, mlonda anamva.

Ndiye ndinatsegula foda ya Zina ndi Zina,
ati ndipumeko.
Pofika Lachinayi inali itanenepa kuposa zonse,
mulu womwe uja utangosintha dzina.
Manyazi anandigwira.
Ndinaikhuthula, n'kufunsa iliyonse payokha:
mwana wa Fomu 2 akamakufuna,
amakhala akufuna kuchita chiyani?
Funso limenelo linasesa bwalo.

Kanatsala kamodzi, kopepuka,
dzina lake Ndaziona.
Nditakatsegula, zilembo zinayamba kugwa ngati ngumbi
zoti uzigwire ndi zala pa kiyibodi.
Ndinaphonya W.
Liwu la a Mtambalika linatuluka m'sipika yothetheka,
kumbuyo kwake tambala wa ku Matawale akulira:
Yesanso, mwana wanga, usathamange.

Masewera? Zophunzitsira?
Kapena makalata?
Ndinakhala nako mpaka nkhungu inameza Ku Chawe,
mbewa ili m'dzanja.

Mawa ana adzapeza chilichonse pakhomo pake,
mafoda khumi ndi awiri, maina a Chichewa.
Ya Zina ndi Zina sindinaifufute.
Muli kamodzi komweko.
Ndisanatseke mawindo ndinakatsegulanso,
n'kuphonya dala.