Msuzi wa Kwang

Kwang anafika ku Ulongwe mu Juni,
chisanu chikuluma makutu,
kudzakwera nsanja za mafoni,
lamba m'chuuno, sipanala m'thumba.
Ine Dorotiya, wa chiwaya cha pafupi ndi depoti,
ndinamuona akuyang'ana tchipisi changa
ngati kalata yolembera munthu wina.

Lachiwiri ndinamukodola: tiyeni.
Tinayambira pa kanyenya wa Zeferino,
mchere ndi tsabola zili papepala la simenti.
Zitumbuwa anadya ziwiri.
Mbewa zapanitsa sanazithawe,
anangofunsa ndi zala: ndi mutu womwe?
Thobwa analawa, n'kubweza chikho mwaulemu.
Koma pa mulu wa kapenta wa ku Cahora Bassa
anaima, n'kuwerama, n'kununkhiza,
maso atalengeza misozi.
Akuti khomo la mayi ake limamveka chonchi.

Loweruka mphunzitsi anali iye.
Anabwera ndi mafupa a ng'ombe,
aja timaponyera agalu.
Anyezi ndi jinja anaotcha pamakala mpaka bii.
Ndinati mwapsereza.
Anati dikira.
Mphika unawira mpaka magetsi kuthima kawiri,
iye akuyengula thovu pang'onopang'ono
ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana.
Tomato? Ayi.
Mafuta? Ayi.
Msuzi woonekera pansi pa mbale!
Ndinachita manyazi m'malo mwake.

Mpunga tinaviika, tinasinja,
phala lake tinayala pansalu pamwamba pa nthunzi
n'kulidula tizingwe toyera.
Timitengo tiwiri tija tinandikana zala.
Zeferino anandiseka mpaka kutsamwa,
kenako, osayang'ana munthu,
anapereka mbale kachiwiri.

Mvula isanagwe anamusamutsira ku Furankungo.
Anandisiyira botolo la madzi a nsomba, lotsala theka,
ndi liwu limodzi, fo,
lomwe mpaka lero ndimalitchula mokhota.

Masiku ano ndimauphika Loweruka lokha.
Madalaivala amanyikamo buledi,
wina amati mayi, ndiwo zake zili kuti?
Alendo akatsika basi ndimawayendetsa njira yomwe ija,
kanyenya, zitumbuwa, mbewa,
n'kudzathera pa mphika wanga.

Botolo linatha kalekale.
Kuseri kwa nyumba ndinaika kapenta mumtsuko,
mchere pansi, mchere pamwamba, mwala povundikira.
Uno ndi mwezi wachisanu.
Aneba ayamba kutseka mawindo.
Mwamuna wanga akuti chinthuchi chaola, taya.
Ndamuuza kuti dikira.