Zala Zisanu ndi Zitatu

Ntchito yanga n'kung'amba matikiti
pakhomo la kanema, msewu wa Colonia,
mu Montevideo muno, momwe mphepo ya Julaye
imakulondola ngati mwini ngongole.
Sabata yachisanu ndi chinayi, mzere sukutha,
wakhota pagolosale mpaka pokwerera basi.

Tsidya la msewu aima a ku Cerro,
zidzukulu za osenda ng'ombe m'fakitale ya nyama,
zikwangwani m'manja, mafulasiki m'khwapa:
"Casilda wathu anali ndi zala zisanu ndi zitatu!"
Sakunama. M'bukumo makina anadya ziwiri.
Anali ntchembere ya mawu osasa,
yotukwana kapitawo osaphethira.
Wa m'filimuyu ndi namwali see, ngati sopo wosayamba,
zala khumi zathunthu, zikhadabo zonyezimira,
amasenda ng'ombe magazi osamudonthera,
kenako n'kukwatiwa ndi mwana wa mwini fakitale,
vayolini ikulira chapansipansi.

Wilmar Techera wadzaza masamba awiri m'nyuzi ya Lamlungu.
Mwachidule akuti chikomekome cha mkuyu,
m'kati muli nyerere.
Komatu ndinamuona ndine Lachitatu, mzere wachinayi,
akupukuta maso ndi sikafu.
Wopanga filimu naye pawailesi akuti,
"Buku ndi nyumba ya lendi, ine ndangosuntha mipando."
Wina anaimba foni: "Bwana, mwagumula khoma,
denga mwasiya lili lende."

Kwathu nkhondo yafika pathebulo.
Mwana wanga Maite anaonera katatu,
n'kukagula bukulo ndi ndalama ya nsapato.
Usiku ndinangomva phu! lamenyedwa kukhoma.
"Bwanji Casilda akufera m'chipatala yekhayekha?
Wolembayu walakwitsa nkhani."
Ndinatsegula pakamwa, ndinatsekanso.

Zomwe sakudziwa onsewa ndi za Lolemba.
Lolemba lililonse, thu koloko masana,
holo ili mbee, mipando yokhayokha,
amabwera mayi Ondina Bentancor,
dzina lomwe lili pachikuto cha bukulo,
m'munsi mwa nkhope ya namwali uja.
Amalipira mtengo wa okalamba,
chikwama cha kumsika osachisiya pansi,
n'kukhala pafupi ndi chitseko.
Mphindi makumi anayi zikakwana, atuluka.

Tsiku lina ndinalimba mtima:
"Mayi, kodi zimakuwawani?"
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
"Sanandibere. Ndinasaina ndekha, ndi dzanja ili.
Denga linkadontha pabedi,
diso lamanzere linkafuna dokotala.
Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."
Anakonza mpango pakhosi.
"Koma pali malo ena, sitiraka isanayambe,
kumbuyo kwenikweni, pomwe kamera sikulabadira,
mayi wina wonenepa, waganyu wa tsiku limodzi,
amapukuta mpeni pantchafu, kawiri,
n'kuuluma ndi mano pomanga tsitsi.
Zimenezo sindinalembe paliponse.
Amayi anga ankatero.
Palibe anamuuza. Ndani akanamuuza?
Masekondi atatu basi.
Ndimadzera amenewo."

Anatuluka, mphepo n'kumulandira.
Tsidya lija mnyamata wa ndevu zosakhwima
anamutsekera njira mwaulemu,
n'kumupatsa kapepala kodzudzula filimuyo,
pamwamba pake mawu a m'mutu womaliza wa bukulo.
"Agogo, musamawapatse ndalama akubawa.
Kawerengeni buku lenileni."
"Ndiyesetsa, mwanawe," anatero,
n'kupinda kapepalako kanayi,
kukalonga pakati pa anyezi ndi buledi.

Ine madzulo ake ndinasiya khomo kwa mnzanga,
ndinaima mumdima kumbuyo kwa holo yodzaza.
Anthu mazana atatu maso ali pa namwali.
Ine ndekha ndinkadikira mayi wa mpeni uja.
Anabwera, anapukuta kawiri, anauluma.
Ndinayesa kuwerenga zala zake,
chithunzi chinasintha ndisanafike pa zisanu.