Sutikesi ya Che Ndembo

Che Ndembo anasiya makina osokera pakhonde la sitolo ku Mpondasi,
lamba wake atauma ngati chikopa cha mbuzi,
ndi sutikesi yamalata imene anabwera nayo kuchokera ku Joni.
Ana ake ankafuna kuyatsira mbaula zam'katimo.
Ndinazigula pa mtengo wa nkhuku ziwiri.

Magazini makumi atatu ndi anayi.
Madona a ziuno ngati mavu, zipewa zopendekeka,
maluwa opeta a kumayiko kumene sindidzapondako.
Chiswe chinayamba kale kuwerenga:
chadya mkono wa diresi laukwati,
chasiya mabatani okha.

Tsono m'mawa uliwonse, kusanatenthe,
ndimayala magazini pamkeka,
miyala m'makona kuti mwera usandilande,
foni m'manja, mpweya ndaugwira.
Tsamba. Tsamba lina.
Pepala limathetheka ngati fodya wouma.
Magetsi akazima ndimakwera kabaza
kukatchaja kwa Asiyatu kumsika,
iye n'kumandiseka kuti ndikujambula azungu akufa.

Dzulo, m'mphepete mwa tsamba lothimbirira,
ndinapeza pensulo ya mwini wake:
"Abiti Saizi, chifuwa 36, kolala ayi,
manja atalike. Adzalipira akakolola."

Amenewo ndi mayi anga.
Diresilo ndikulidziwa, lobiriwira,
lili pa chithunzi cha tsiku la Idi,
ine ndili kumsana, mutu wokha ukuoneka.
Chaka chimenecho mvula inadula msanga.

Kompyuta ikufunsa dzina la fayilo.
Ndalemba kuti: ngongole.