Mano a Mayi Chimwaza

Ndi kakang'ono ngati chala cha mkombaphala,
kakuda bii, ka diso limodzi.
Yotamu, mlongo wanga, anakagula ku Chipata
tsiku lomwe anakagulitsa mtedza,
nakaponya pa makina anga osokera:
"Ukamaweruka usiku pa Kamwendo, uziona mphiri."
Ine ndinaseka.
Ndinati kanthu aka sikangaunikire
ngakhale nsabwe m'mutu mwa mwana.
Komabe ndinakamangirira ku makiyi a shopu,
pakati pa kiyi wa loko
ndi chotsekulira mabotolo chadzimbiri.

Miyezi inayi kanagwira ntchito zopanda ulemu:
kusaka singano pansi pa benchi,
kusuzumira m'chimbudzi ngati muli nankalizi,
kuwerenga chenje mu minibasi
kondakitala akuti wandipatsa kale.

Ndiye kunabwera usiku uja wa mu Febuluwale,
mvula ya tsiku lachitatu ikulira pa malata.
Nasiwelo anagogoda khoma, osati chitseko.
Mwamuna wake anali ku esiteti, akusoka fodya.
Ndinadzutsa Lufeyo wa kabaza.
Nyali ya njinga yake inafa chaka chatha,
ndipo akuti njira amaidziwa ndi matako.
Tinakwera atatu.
Ndinatambasula mkono pamwamba pa phewa lake,
kadiso kaja kakuboola mdima kabowo kamodzi,
ife n'kumalowa m'kabowomo,
matope, chithaphwi, galu, matope.

Kuchipatala kunali zii.
Magetsi anathima masana,
batire la sola linali litatopa ndi mitambo,
kandulo womaliza akumira m'mafuta ake omwe.
Mayi Chimwaza anatuluka ali ndi magolovesi kale.
"Ali ndi tochi ndani?"
Ndinawapatsa mulu wonse wa makiyi.
Sanataye nthawi kumasula.
Manja onse awiri anali ndi ntchito,
choncho anakaluma ndi mano,
makiyi a shopu yanga akulendewera pachibwano,
ngwere ngwere ngwere.

Amati "Kankha!" koma zimamveka "Angha!"
Nasiwelo anaseka pakati pa kubuula,
kenaka sanasekenso.

Kuwalako kunali kochepa ngati mbale ya ndiwo.
Kwina konse m'chipindamo kunali usiku.
Koma m'kambale kameneko ndinaona mutu,
ndinaona mchombo utazinga khosi kawiri,
ndinaona chala cha Mayi Chimwaza chikulowa pansi pake
monga ndimachitira ulusi ukakodwa mu bobini,
modekha, osakoka.

Mwana anatuluka ali chete.
Makiyi anasiya kulira.
Mvula yokha.
Anam'tikita kumsana, nam'tikitanso,
malovu akutsikira pa tochi mpaka pa yunifolomu.
Ndinawerenga mpaka khumi ndi zinayi,
sindidziwa chifukwa chake.
Kenaka mawu aja,
opyapyala, okwiya,
ngati mphaka wopondedwa mchira.

M'mawa anandibwezera makiyi, akupepesa.
Pa pulasitiki panali timaenje tinayi,
tiwiri pamwamba, tiwiri pansi,
kamodzi kozama kuposa tinzake.
"Apo ndi pomwe anakana kulira," anatero.

Bambo wa mwana atafika anati dzina ndi Tochi.
Nasiwelo anati wabereka munthu, osati katundu wa muokala.
Anakangana sabata yathunthu,
kenaka anagwirizana pa Muuni.

Mabatire ake ndi ngati mabatani a malaya a sukulu.
Ndimagula atatuatatu ku Boma,
ngakhale mwezi utavuta.
Yotamu akuti andibweretsera yaikulu, yotchaja.
Ndamuuza apatse Lufeyo.

Muuni tsopano akukwawa.
Amabwera pansi pa makina, pakati pa zidutswa za nsalu,
n'kukoka makiyi m'thumba la epuloni.
Kiyi wa loko amataya.
Chotsekulira mabotolo amataya.
Kakuda kaja amakaika m'kamwa,
usinini wake pa timaenje tomwe tija,
ndipo akakadinikiza mwangozi
masaya ake onse awiri amayaka psuu,
dzuwa lili pamutu.