Mzinda wa Makatoni

Lolemba Mayi Likoswe anatseka buku,
nati, "Mawa mubwere ndi zinyalala."
Tinaseka, koma tinabwera nazo:
makatoni a sopo, zitsekerero za mabotolo,
mawaya, dongo la ku Nasolo m'jumbo.

Yankho anawumba phiri la Ndirande
kutalika kuposa Soche. Kwanu nkwanu.
Asiyatu anayala njanji ya timitengo ta machesi
mpaka ku Limbe, kumene agogo ake aamuna
anathera msana ndi mabelo a fodya.
Ine ndinakoka ulusi wabuluu, ndati uyu ndi Mudi.
Lonjezo anaudetsa ndi khala:
"Unauona liti uli choncho?"

Tchalitchi cha pa Mishoni chinatigwera kawiri.
Nanga njerwa zenizenizo anawotcha ndani?
Tinasanthula buku lonse.
Mayina awo mulibe.

Lachisanu Fatsileni, wosayankhulayankhula uja,
anaika kabokosi ka machesi m'tsinde mwa Soche,
mmene munadutsa matope chaka chija.
"Apa panali pathu."

Belu linalira.
Palibe anadzuka.
Mayi Likoswe anayang'ana bolodi nthawi yaitali,
kenako anangobweza choko m'thumba.