Malikisi Awiri

Lidali Lachisanu la chiperoni mu holo ya pa Chitakale,
malata akudontha pakona pomwe adatchera chidebe,
phiri osaoneka, ngati alibwereka a ku Phalombe.
Ife anayi pabenchi, mayunifomu onyowa m'mapewa,
a ku Chisitu anayi uko, nsapato zopolisha.
A Muhowa adabwera ndi mafunso mu envulopu ya khaki.
Belu lidali supuni ndi botolo.

Funso lachisanu ndi chiwiri:
amene adaganiza za penate ankasewera malo ati?
Gresiamu adadzambatuka: Goloboyi, sala!
Goloboyi ndithu,
mbuzi yodzinolera yokha mpeni.
Holo yonse idafa ndi phwete.
Malikisi awiri.

Lachisanu ndi chitatu lidadza ndi mawu omwewo,
osakwera, osatsika,
ngati akulengeza mtengo wa feteleza:
Pa sukulu ina yaukachenjede kutsidya kwa nyanja
wophunzira adalowa m'makalasi ndi mfuti.
Adafa angati?

Ndinkadziwa.
Ndidaloweza usiku, ndi kuwala kwa foni ya achimwene,
patsamba limodzi ndi malikulu a mayiko
ndi kutalika kwa Sapitwa.
Ndidaimika mkono, ndidatchula nambala.
Supuni idalira pabotolo.
Anzanga adandisisita kumsana, wina adaliza likhweru.
Malikisi awiri.

Tidapambana. Makope asanu ndi limodzi ndi sopo wochapira.
Pobwerera tidadzera m'tiyi, kulambalala matope a mumsewu,
n'kutulukira pabwalo la esiteti
pomwe anyamata ankalimbirana chikulunga, osavala malaya.
Womba! Womba iwe!
Chipolopolo chimenecho, goloboyi sadachione n'komwe!
Ndidaima, makope m'khwapa.
Mawu ake ndi omwewa ndakula nawo:
kuwombera pagolo, kutchinga kumbuyo,
timu yafa lero, taikwirira.
Sindidziwa adayamba kubwereka kwa mnzake ndani,
bwalo kapena nkhondo.
Koma chigoli ife timachita kumwetsa,
monga umwetsera mwana wodwala madzi a m'kapu,
ndipo zimenezo mu envulopu mudalibe.

Tsopano ndimaphunzitsa Fomu 2 ku Luchenza.
M'mawa uliwonse ndimaitana mayina.
Ndikafika pa nambala ija ndimadzutsa mutu:
ndi Fatsileni, wa pawindo,
amene amatafuna chivindikiro cha bolopeni
n'kumakana kuti si iye.
Ndimayang'ana onse amene ayankha iye asanayankhe.
Madesiki mizere itatu ndi kachidutswa.
Uyu ali ndi ngongole ya mandasi kwa mayi wa pageti.
Uyu wasiya masokosi pachingwe, mvula ikubwera.
Uyu bambo ake amathyola tiyi kuyambira mbandakucha
kuti iye azikhala pano n'kumawodzera.

A kutsidya aja sindidziwa dzina ngakhale limodzi.
Funso silidafune mayina.
Mwina wina mwa iwo adali goloboyi,
wozolowera kuima yekha, manja otambasula,
kudikira chobwera ndi liwiro.

A Muhowa adapuma ntchito, maso adayamba kuvuta.
Envulopu adandisiyira ine,
yothimbirira, yonunkha mphemvu ndi choko.
Chaka chatha ndidayendetsa mpikisano koyamba.
Penate ndidafunsa, ana adaseka monga kale.
Nditafika pa lachisanu ndi chitatu
ndidakhosomola, ndidatembenuza pepala,
ndidafunsa la m'mutu mwanga:
mawu oti kumwetsa chigoli adachokera kuti?

Zii.
Kenaka kamnyamata ka ku Goliati, kabudula wachigamba, kadati
ukonde umakhala ndi ludzu, madamu.
Yankho lenileni sindilidziwa nanenso.
Ndidaliza supuni.

Pepala lija sindidaling'ambe.
Likadali mu envulopu, m'dirowa ya pansi,
pamodzi ndi wezulo wa sukulu
ndi rejisitala ya chaka chino.